Mpata pa Nthiti ya Ndege

Panali munthu wina, msilikali, amene ankaulutsa ndege yankhondo yoponya mabomba. Liwiro la ndegeyo linkasiya mkokomo wake womwe m'mbuyo. Ukaimva ikulira, udziwe kuti yadutsa kale. Munthuyo ankainyadira ngati momwe mlimi amanyadira ng'ombe yolera yekha, ndipo dzina lake linalembedwa ndi penti yoyera m'munsi mwa zenera.

Amakaniko a ndegezo anali ndi mwambo wawo. Ndege ikabwerako itaponya mabomba ake, ankajambula kabomba kakang'ono panthiti pake. Ulendo umodzi, kabomba kamodzi. Ndege ya munthu uyu inali ndi mzere wautali ndithu.

Tsiku lina anamutuma kukagwetsa mlatho umene adani ankawolotserapo zida. Atatsika m'mitambo, anapeza mlathowo wadzaza anthu. Kutsogolo kunali amuna atanyamula bokosi, m'mbuyo amayi atafunda zitenje. Anali maliro, akuwoloka kupita kumanda. Kwawo kwa munthuyo, ukakumana ndi maliro umatsika panjinga n'kuvula chipewa, sufunsa kuti womwalirayo ndi wa mbali iti. Koma m'ndege munthu satsikamo. Iye anangochotsa chala pabatani n'kutembenuka.

Kutera mabomba akadali m'mapiko n'kuseweretsa moyo, koma anatera. Akuluakulu sanafune kumva za maliro. Anamutcha wamantha, anamulanda ndege, n'kufufuta dzina lake. Koma woulutsa watsopano atabwerako ku ulendo wake woyamba, amakaniko aja anadumpha malo a kabomba kamodzi n'kujambula patsogolo pake. Pamzere paja panatsala mpata.

Nkhondo inatha monga zimathera nkhondo zonse, aliyense akuti wapambana ndi iyeyo. Ndege itakalamba, anaichotsa injini n'kukaiika kunyumba yosungirako ndege zakale, kumene anthu amakajambulitsa atatsamira phiko lake. Munthu uja nayenso anakalamba, koma dzina la wamantha linamukakamira ngati chisoso pabuluku. Zinkamupweteka. Chimene ankalakalaka asanafe chinali chimodzi, kuti adzukulu ake adzawerenge dzina la agogo awo pandegeyo.

Chaka china woyang'anira nyumbayo, pokonzekera mwambo waukulu, anamuitanitsa. Anamulandira mwaulemu n'kupita naye pamene panali ndege.

"Bambo, zakale zinapita," anatero woyang'anirayo. "Akuluakulu avomera kuti dzina lanu libwerere pamalo pake. Kungoti mpata uwu akuti titseke. Alendo akumafunsa zambiri, ndiye akuluakuluwo sizikuwasangalatsa."

Anamupatsira burashi yoviika kale m'penti.

"Jambulani nokha kabombako. Dzina tilemba lero lomwe."

Munthuyo anayang'ana m'munsi mwa zenera, pamene dzina lake linali kale. Tisanamizane, mtima wake unafuna. Kabomba kake kanali kosaposa chala, ntchito yoti ngakhale dzanja la nkhalamba litha kuimaliza. Anaima nthawi yaitali mpaka penti inayamba kudontha pansi. Kenako anabwezera burashi m'chitini.

"Mwana wanga," anatero, "timabomba tonseti ndinachita kutumidwa. Apa pokha ndi pamene ndinasankha ndekha. Dzinalo lisiyeni."

"Nanga anthu adzadziwa bwanji kuti munali inuyo?"

"Amene ankawoloka mlatho uja nawonso sandidziwa. Koma anakaika m'bale wawo, n'kubwerera kwawo kukasamba m'manja."

Atatero anaima chilili, msana woongoka ngati wa mnyamata, n'kuimenyera ndegeyo saluti. Anatuluka osacheuka. Dzina silinalembedwe, ndipo mpata unakhala momwemo. Sabata yotsatira anabwera ndi adzukulu ake. Sanawaonetse m'munsi mwa zenera. Anagwira dzanja la aliyense n'kuliika pampata paja, nati, "Agogo anu ndi awa."

Tsono inu amene mukundimva, anthu adzakuwerengerani zimene munachita, ndipo mzere ukatalika adzakuomberani m'manja. Zimenezo n'zabwino. Koma lidzafika tsiku limene chala chanu chidzakhala pabatani, wokutumani ali kutali, ndipo pansi pali anthu amene sadzakudziwani n'komwe. Mukadzachotsa chalacho, musadzayembekezere zikomo. Ndipo wina akadzabwera ndi burashi kuti mutseke mpatawo posinthana ndi dzina labwino, mudzabwezere burashiyo m'chitini. Ine ndikapita kukaona mzere wa moyo wanu, timabomba sindidzawerenga. Ndidzafufuza mpata.