Lole ya ku Tete Inamusiya Margarida

Kuseri kwa kachipatala ka pamishoni kunali mgolo wakuda umene moto sunkazima pansi pake. M'menemo ndi momwe Margarida ankawiritsa nsalu zomangira mabala, n'kuzivuula ndi mtengo, kuzichapa, kuziyanika, kenako kuzikulunga kuti zikamangenso bala la wina. Fungo lake ngakhale agalu ankalilambalala. Koma mtsikana aliyense wotsiriza kwarta, kalasi yachinayi ija ya Apwitikizi, ankadziwa kuti njira ya ku Tete kokaphunzira unamwino inkadzera pamgolo pomwepo. Amadre, sisitere wamkulu wa pachipatalapo, sankasankha munthu chifukwa cha mutu wokha. Ankayang'ana manja. Ankafuna aone amene salavula akaona mafinya, amene sathawa mayi akamabuula pobereka. Malo anali ochepa ngati nyama ya pamaliro, ofuna ali mbwee, ndipo lole yotenga osankhidwa inkabwera kamodzi basi pachaka.

Chaka chimenecho aliyense ankadziwa kuti Margarida ali patsogolo. Ngakhale mnzake Natália, amene ankachapa naye limodzi, sankabisa.

"Iwe ndiye wakwera kale," ankatero akufinya nsalu. "Ukadzabwera utavala zoyera usadzatibaye mwankhanza, wamva?"

"Iweyo ndidzakusungira singano yobuntha," ankayankha Margarida, onse n'kuseka.

Chimene chinasokoneza ndi atsibweni ake, a Baltazar. Bambo ake a Margarida analowa Halale osabwerako, choncho mawu onse a pabanjapo anali m'kamwa mwa mlongo wa mayi akeyu. A Baltazar anali munthu wa njinga. Ankakweza matumba a kachewere kuchokera ku Lifidzi, kudutsa malire pa Kalomwe, kukagulitsa ku Dedza. Mkazi anali naye kuno, wina uko. Dzina kuno, lina uko. Ankadzitama kuti malire amatchinga opusa okha.

Tsiku lina anadzera pachipatalapo n'kumupeza Margarida atawerama pamgolo, thukuta lili kamukamu. Madzulo ake anakhala pampando pakhomo pa mlongo wawo n'kuyamba kugamula.

"Mbumba ya Baltazar kuchapa mafinya a anthu! Ndiye sukuluyo imeneyo? Tamverani, mlongo. Apwitikiziwa dzuwa lawapendekera, nkhondo ili m'tchiremu. Pepala lawo mawa tidzakulungira fodya. Mwanayu akalowe sukulu ya ku Dedza. Ku Malawi anamwino akuwafuna ngati mvula."

"Atsibweni," anatero Margarida atagwada, "Chingerezi sindichidziwa ngakhale moni. Kuno ndatsala pang'ono. Ndisiyeni nditsirize."

"Ndani wati usiye? Kwa amadre ukanene kuti ukupita kukadwazika agogo ako. Malo akusungire. Uko zikakoma, watola. Zikakanika, ubwerera pamgolo pakopo. Ngakhale mbewa imakumba una wa makomo awiri."

"Ngati ndi kupita, ndikatsanzike zoona. Ngati ndi kukhala, ndikhale. Bodza ayi."

"Ha! Anapiye ayamba kuphunzitsa nkhuku kupalasa?"

Margarida anayang'ana mayi ake. Mayiwo anayang'ana pansi, n'kungoti, "Mwini mbumba wanena, mwanawe."

M'mawa mwake anakaima pamaso pa amadre n'kunena bodzalo ndi pakamwa pake. Amadre anamugwira paphewa, anamupatsa mankhwala oti akawapatse agogowo, agogo oti anagona kumanda kalekale. Mankhwalawo anamutentha m'manja njira yonse.

Ku Dedza sanamulandire ndi nthungululu. Aphunzitsi aakulu atamufunsa mafunso m'Chingerezi iye n'kungoti kukamwa yasa, anamuika m'kalasi ya tiana. Namwali wathunthu, woti wagwirapo mwana akubadwa, anakhala pansi pakati pa ana a mamina, kumaimba nawo zilembo. Anawo anamupatsa dzina loti Sinyora, ndiye kuti dona wa Chipwitikizi. Akalakwitsa liwu, kalasi yonse inkagwa ndi phwete. Margarida anameza zonsezo monga ameza mankhwala owawa, ndipo mkwiyo womwewo ndi umene unamukhalitsa pabuku mpaka maso kufiira. Aphunzitsi aakuluwo anaona, ndipo anamulonjeza kuti akakhoza mayeso otsiriza chaka amudumphitsa kupita kalasi ya akuluakulu. Apo kachiyembekezo kanaphukanso, ngakhale kuti njira ya unamwino uko inali yaitali kuposa mmene a Baltazar ankaimbira.

Kumudzi nako kunagwa chikuku. Ana anadzaza chipatala mpaka pakhonde. Natália ndi anzake ankagona chiimire, ndipo amadre ankaona manja amene analipo. Komabe sanamuiwale Margarida. Mvula itayamba anatumiza mawu kwa mayi ake kuti lole ya ku Tete ibwera sabata yomweyo, mwanayo abwere msanga. Mayiwo anathamangira kwa mlongo wawo.

A Baltazar anawafungatira mawuwo ngati nkhuku pamazira. "Lole ya boma ikati mawa, ndiye kuti mwezi wamawa. Ayambe walemba mayeso a uko, kenako tidzaona." Kwa Margarida sananene kanthu. Ankadya naye pakhomo pa mkazi wawo wa ku Dedza uja, mawu ali m'thumba.

Tsiku la mayeso lenilenilo, ali pa Kalomwe kumangirira matumba, mnzawo wa njinga anawauza mocheza kuti lole ija wayiona yagona pamishoni. A Baltazar anataya kachewere pamsewu n'kupalasa kulunjika kusukulu. Anapeza ana ali pamzere, Margarida ali pakhomo penipeni, cholembera chili m'manja.

"Tiye! Lole yafika!"

"Atsibweni, mayeso akuyamba pompano."

"Ndati tiye!"

Aphunzitsi aakulu anatuluka. "Bambo, mwanayu akachoka lero asadzabwerenso. Sukulu ino si msika woti muzilowa n'kutuluka."

"Tidzakambirana, aphunzitsi, tidzakambirana," anatero a Baltazar akumukoka Margarida padzanja.

Atangodutsa malire mvula inatsika, mvula ya kumapiri ija yosaona nkhope. Msewu unasanduka phala. Matope anamata magudumu mpaka njinga inakana kuyenda, ndiye anayamba kuikankha, pena kuisenza. Margarida anagwa n'kudzuka, nsapato imodzi inatsalira m'matope, iye osayicheukira. Atafika pamishoni dzuwa litapendeka, pabwalo panali zii. Panangotsala mikwasa iwiri ya magudumu a lole, madzi akuyenda m'menemo kulowera kumsewu wa ku Tete.

Amadre anali pakhonde la chipatala. Anamuyang'ana Margarida kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapatolo, maso awo n'kuima pa diresi la sukulu ya ku Malawi limene linamumatirira pathupi.

"Agogo ali bwanji?" anafunsa motsitsa, m'Chinyanja chawo chopindikacho.

Margarida anaweramitsa mutu, amadre n'kupitiriza.

"Mawu ndinatumiza kwa mayi ako masiku apitawo, ndipo ndinakudikira mpaka oyendetsa lole anandikalipira. M'malo mwako wakwera Natália."

"Amadre, ndibwerere pamgolo. Ndiyambirenso, ngakhale kumbuyo kwa onse."

"Manja ako ndi abwino, mwana wanga, sindinaonepo ena otere. Koma namwino ndimamusiya yekha ndi wodwala. Akandiuza kuti wamumwetsa mankhwala, ndimakhulupirira osakaona. Iwe ndidzakukhulupirira bwanji?" Analowa m'kati n'kutseka chitseko mwakachetechete. Akanangomenyetsa, sizikanapweteka chotere.

A Baltazar anakanda m'mutu. "Usadandaule. Mawa tilawirira ku Dedza, aphunzitsi aja ndikawagwira mwendo. Nkhuku imodzi yokha..."

Apa ndi pamene ulemu unamuthera Margarida. Sanagwade, sanatsitse mawu.

"Ku Dedza! Mukandipepesere chiyani, poti mwandizula pakhomo pa mayeso anthu akuona? Inu ndinu mlimi, atsibweni. Munayamba mwazulapo kachewere atayamba maluwa, kukamuoka kudimba lina, kenako n'kumuzulanso kubwerera naye? Mbewu yanu simuichita zimenezo, koma ine mwandichita! Ndinakupemphani chimodzi: kupita kapena kukhala. Inu munafuna zonse. Mawu a amadre munali nawo masiku onsewa, mukundiyang'ana ndikudya! Akazi awiri ndi anu, maina awiri ndi anu. Ine moyo ndinali nawo umodzi wokha, ndipo mwauponda m'matopemu!"

"Ukulankhula ndi ine, iwe?"

"Ndikulankhula ndi inu nomwe!"

Odwala amene anali pakhonde anasuzumira. A Baltazar anakweza dzanja, koma ataona maso a anthuwo analitsitsa, n'kukankha njinga yawo kumapita.

Ku Dedza sanamulandirenso. Chaka chisanathe Margarida anakwatiwa, poti namwali wongokhala pakhomo anthu samusiya. A Baltazar akamamwa mowa ankauza anzawo kuti mwana uja anangosowa mwayi.

Patapita zaka, Apwitikizi akumanga katundu wawo, Margarida anaima pamzere wa pachipatala chomwecho, mwana ali kumsana, manja atachita zikang'a ndi khasu. Wobaya katemera anali Natália, atavala zoyera mbuu. Anabaya mwanayo bwinobwino, koma maso a mnzakeyo sanathe kuwayang'ana. Potuluka Margarida anazungulira kuseri, kumene mng'ono wake Angélica anali atawerama pamgolo uja. Pambali pake panali njinga, ndi a Baltazar, imvi zitayamba, akumunong'oneza mwanayo.

"Boma likusinthatu ili. Ndamva kuti ku Lilongwe..."

Margarida anatola mtengo wovuulira nsalu, nthunzi ikufuka kunsonga kwake, n'kuima pakati pawo.

"Atsibweni, kwezani mwendo panjingapo. Uyu atsiriza pomwe anayambira. Mukadzamutchuliranso Lilongwe, ndidzakuphikirani mumgolomu pamodzi ndi nsaluzi."

A Baltazar anayang'ana mtengowo, anayang'ana nkhope ya mwini wake, n'kuona kuti sakuseka. Anakwera njinga osatsanzika.

Angélica anakwera lole yake nthawi itakwana. Margarida anamuimikira dzanja mpaka fumbi linatha, kenako anakonza mwana kumsana n'kubwerera kumunda. Iye yekha ndiye ankadziwa kuzizira kwa mvula ya tsiku lija, pamene anathamangitsidwa kuchoka pouma kupita pouma, n'kunyowera pakati. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.