Chule Aperekeza Alendo a M'mimba

Kalekale, inu, nyama zikadayankhula ngati ine ndi inu, padali thamanda lina kumapeto a dambo, pansi pa mtengo wa mkuyu. Madzi ake sankayenda, ankangokhala phee, obiriwira. M'thamandamo munkakhala Chule wamkazi, mayi waulemu woti simunamuonepo. Ngakhale nyerere ikamadutsa, iye ankaiombera m'manja n'kuipatsa moni. Mawu akenso adali okoma, osati awa mukuwadziwa lerowa.

Mwamuna wake adatoledwa ndi kakowa, koma adamusiyira ana ambiri, timbululu takuda tosambira ndi michira. Anawo ankawaphunzitsa chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku: wina akanena odi, muziyankha kuti lowani.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, anawo akudya ndere pansi pa thamanda, adamva kamawu kakang'ono m'matope.

"Odi kuno."

Adayang'ana uku, adayang'ana uko, osaona kanthu. Koma adakumbukira mawu a mayi awo. "Lowani," adatero onse pamodzi, kukamwa kuli yasa.

Ndiye adalowadi, pakamwa pomwepo, mpaka m'matumbo. Mlendoyo dzina lake adali Saoneka, kachirombo kochepetsetsa koti ngakhale diso la mphamba silingakaone. Kalibe mutu, kalibe miyendo, ndi kadontho chabe. Koma kudya kwake, abale inu! Kakakhuta kankagawikana pakati n'kukhala tiwiri, tiwirito tinayi, mpaka mudzi wathunthu m'mimba mwa mwana mmodzi.

Ana adayamba kutsekula m'mimba. Adaonda. Mmodzimmodzi ankayandama chagada, osadzukanso. Mwezi usanathe adatsala mmodzi yekha, wamng'ono pa onse, dzina lake Kamchira.

Chule adagunditsa khutu pamimba pa mwanayo, ndipo adamva phokoso m'katimo ngati anthu ali paphwando.

"Zikomo eni m'katimo," adatero. "Ndine make Kamchira."

"Tili bwino, mayi," adayankha Saoneka. "Tikuthokoza malo."

"Mwana wanga akutha. Ndi yekhayu amene wanditsalira. Simungachokeko?"

"Kodi kwanu kuno mlendo mumathamangitsa? Ife tidanena odi, ndipo tidayankhidwa."

Ulemu umenewo adauphunzitsa ndi Chule mwini. Mtima udamupweteka kwambiri, ndipo adalira. Koma atalira adapukuta misozi, n'kufunsa mofatsa ngati wongocheza.

"Nanga mmene mwachulukiramu, simukupanikizana m'kamimba kameneka?"

Saoneka adaseka, poti wokhuta sachedwa kudzitama. "Ayi, mayi. M'mawa uliwonse ambiri amatulukira khomo lakumbuyo, n'kukakhala m'matope. Mwana akamadya, amabwerera khomo lakumaso. Thamanda lanuli ndi labwino, silitaya munthu. Chomwe timadana nacho ndi madzi oyenda, chifukwa ukatuluka subwereranso."

"Ndamva," adatero Chule. "Mwanena zoona, kwathu kuno mlendo sitithamangitsa. Timamuperekeza."

Kuseri kwa chulu chachikulu, kutsidya kwa dambo, kudali kamtsinje. Ulendo wake kwa chule ndi wa tsiku lathunthu. Koma Kamchira adalibe miyendo, ndipo kunja kwa madzi sakadakhala moyo. Mayi ake adaganiza, adaganiza, kenaka adamuitana.

"Mwanawe, mukhala mdima, koma usaope. Ndi m'kamwa mwa mayi ako."

Mamawa adadzaza madzi m'kamwa, n'kumukhazika mwanayo palilime, n'kutseka milomo. Tsopano tamverani vuto lake. Akameza, wameza mwana. Akatsekula pakamwa, madzi atayika. Adayamba kudumpha, pang'onopang'ono.

Adakumana ndi Nkhono atakakamira patsinde la bango.

"Mwadzuka bwanji, make Kamchira?"

Chule ali chete, adangoomba m'manja n'kupitirira.

"Hii, matama adayamba liti amenewa?" adatero Nkhono. "Ife ndife onunkha lero?"

Mawuwo adamulasa Chule, koma milomo sadatsekule.

Dzuwa litakwera adakumana ndi Birimankhwe panthambi ya mpoza.

"Mwaswera bwanji, achemwali?"

Chule ali chete.

Birimankhwe adatembenuza diso limodzi n'kuona masaya otukumuka aja. "Oho, mwabisa chakudya m'masaya kuti tisakupempheni? Idyani nokha. Ndikawauza onse kuti ulemu uja udali wabodza."

Manyazi adamugwira Chule mpaka kumapazi. Madzi m'kamwa adayamba kufunda, ndipo kamchira ka mwana, kamene m'mawa kankamugunda palilime, tsopano kankangogwedera mwa apo ndi apo. Adafulumira.

Chakumadzulo, atayandikira chulu chija, adakumana ndi amene ankawaopa kuposa onse. Adali apongozi ake, mayi a malemu mwamuna wake, chule wokalamba, atakhala pakati penipeni pa njira.

"Make Kamchira, mwabwera kudzationa? Mwaswera bwanji? Ana ali bwanji kunyumba?"

Chule adagwada. Adaomba m'manja katatu, maso ali pansi. Mawu osatuluka.

"Ndikuyankhula ndi inu, make Kamchira."

Zii.

"Basi mwana wanga atangofa, ine ndasanduka chitsa cha panjira?" adatero mayi wokalambayo. "Ndidakulakwirani chiyani?"

Apa mpamene Chule adatsala pang'ono kuyankha. Mawu adafika pakhosi penipeni. Koma palilime pake mwana adali atasiya kugwedera. Chule adadzuka, adawalambalala apongozi akewo, misozi ili chuchuchu, n'kudumpha ndi mphamvu zonse zotsala. Apongozi adamulondola pambuyo, akudandaula njira yonse.

Pakamtsinje, Chule adasankha pamalo osaya pakati pa miyala iwiri, pomwe madzi ankadutsa oyera. Adatsekula pakamwa. Kamchira adatsetsereka, n'kugona pamchenga osagwedezeka. Mayi ake adamutchinga ndi manja kuti madzi asamukokolole, n'kudikira. Apongozi adafika, adaona kamdzukulu kawo kowonda ngati kaudzu, ndipo adasiya kudandaula.

Patapita nthawi, kamchira kaja kadagwedera.

M'mawa mwake alendo adatuluka monga mwa masiku onse, ndipo madzi adawatenga. Tsiku lachiwiri adatulukanso, madzi adawatenganso. Chule sadachoke pamalopo, manja ali chitchingire. Tsiku lachitatu kamawu kaja kadamveka m'mimba, katachepa mphamvu.

"Mayi, anzathu sakubwerera. Mwatibweretsa kuti?"

Chule adangokweza dzanja limodzi ngati wotsazika mlendo pamphambano, ndipo Saoneka adatuluka womaliza, n'kupita ndi madzi.

Kamchira adatsekula maso. "Amayi, ndili ndi njala."

Apongozi ndi amene adathamanga kukatola ndere pamiyala. Atamudyetsa mwanayo, adabwera kudzakhala pafupi ndi mpongozi wawo, n'kumufunsa motsitsa mawu, ngati kuti palibe chidachitika panjira paja.

"Mwadzuka bwanji, make Kamchira?"

Chule adatsekula pakamwa kuti ayankhe. Koma madzi ofunda aja ndi dzuwa lija zidali zitamuononga pakhosi. Mawu okoma aja kudalibenso. Chidatuluka ndi chimawu chosasa, chokhakhala.

Apongozi adamugwira dzanja. "Ndamva, mwana wanga. Inenso ndadzuka bwino."

Ndiye mvula ikagwa, mukamva chule akulira kudambo ndi mawu osasa osalekeza, musamuseke. Akubweza moni uja adalephera kuyankha panjira, wa Nkhono, wa Birimankhwe ndi wa apongozi ake.

Nthano yanga ndaiperekeza mpaka pamtsinje, yapita ndi madzi. Koma ichi chokha chitsale ndi inu: musathamangire kunyoza munthu amene wakudutsani osayankha moni, pakuti simudziwa chimene wanyamula. Ndipo ana anu muziwaphunzitsa kuti odi wa munthu wosaoneka nkhope amayamba wafunsidwa kuti ndani.