Mitsuko ya njuchi ya Bwana Petroniyo

Ophunzira anga amandifunsa kuti mwambi wa safunsa unachokera kuti. Ine ndimawauza nkhani iyi, ndipo musavutike kukaifufuza m'mabuku a mbiri, simukaipeza.

Ufumu wa Aroma utayamba kukalamba, malire ake ankalonderedwa ndi asilikali omwe anali alimi ndithu. M'mawa ankagwira khasu, masana mkondo. Ku linga lina la m'mbali mwa mtsinje wa Danube kunabwera mtsogoleri watsopano, Petroniyo, mnyamata wa mumzinda wa Roma wonunkhira mafuta. Nkhondo ankaidziwa ya m'mabuku. Kunena zoona sanali munthu woipa, koma ankaopa kuti akafunsa funso asilikali amupeputsa. Choncho anakhwimitsa lamulo lakuti msilikali asamalankhule kwa mkulu wake pokhapokha atafunsidwa. Wophwanya ankalawa ndodo ya mpesa.

Dzinja la kumeneko ndi la chipale chofika m'chiuno. Lisanayambe, kunabwera uthenga woti Petroniyo atenge amuna makumi anayi akalondere nsanja ya pamwamba pa phiri. Ngolo inalipo imodzi yokha. M'nyumba yosungira katundu munali matumba a balere ndi mitsuko yomata bwino, iliyonse yojambulidwa njuchi pakhosi.

"Balere nchakudya cha abulu," anatero Petroniyo. "Tengani matumba asanu okha, kwinako mudzaze uchiwu."

Msilikali wina wachikulire, Dasiyo, amene anakhala pa malirepo zaka makumi atatu, anayandikira. "Bwana, mitsukoyo..."

"Ndakufunsa?"

Dasiyo analandira zikoti khumi, natseka pakamwa.

Atafika kunsanja, chipale chinatseka njira yobwerera. Balere uja anatha pa masabata awiri. Petroniyo anasonkhanitsa amuna onse, akumwetulira, naswa chimato cha mtsuko woyamba. Munali phula louma gwa. Wachiwiri phula. Yonse makumi awiri, phula lokhalokha, lija Aroma ankapaka pa timatabwa tolembapo makalata ndi pa zikopa za zishango.

Apa ndi pamene ine amandidabwitsa munthuyu. Maso makumi asanu ndi atatu anali pa iye, ndipo anachita manyazi kufunsa ngakhale funso lalifupi. Iye anabenthula phula ndi mpeni, naliponya m'kamwa.

"Nchakudya chabwino ichi," anatero, nsagwada zikulimbana. "Ku Roma timadya."

Anatafuna phula masiku anayi. Asilikali ankawiritsa malamba a nsapato. Tsiku lachisanu amuna atatu analephera kudzuka pa mphasa, ndipo panalibenso chochita koma kupha hatchi ya Petroniyo, yoyera, imene bambo ake anamupatsa pochoka kwawo. Analira ngati mwana, ndipo ine ndimamumvera chisoni. Nyama ya hatchi imodzi pakamwa makumi anayi sinakhalitse.

Itatha, Petroniyo anaitana Dasiyo m'chipinda chake.

"Akulu, inu mwakhalitsa kuno. Anzathu akale ankapulumuka bwanji dzinja pa nsanja ino?"

"Mwandifunsa, bwana?"

"Ndakufunsani."

"Ndiye tasunthani bedi lanulo."

Pansi pa bedi panali mwala wafulati. Atautukula anapeza dzenje lomangidwa bwino, lodzaza balere ndi nyemba. Unali mwambo wa asilikali a m'malire kuti gulu lililonse lochoka pa nsanja lizisiyira lotsatira nkhokwe yobisika. Dasiyo yemweyo ndi amene anaidzaza chaka chapitacho.

"Masabata atatu mwakhala mukugona pamwamba pa chakudya," anatero Dasiyo. "Ndinafuna kunena tisanaphe hatchi ija, koma msana wanga sunapole."

Petroniyo anayang'ana chishalo chopanda hatchi chimene chinali pakona.

Palibe anafa pa nsanjapo. Koma mpaka Petroniyo atakalamba, asilikali akaona mtsogoleri watsopano akukweza mphuno ankanong'onezana kuti, "Safunsa anadya phula."

Mwambiwu ukutanthauza kuti munthu wochita manyazi kapena matama kufunsa amadzigwetsa m'mavuto amene akanawalewa mosavuta. Mukafika pamalo pachilendo, funsani amene mwawapeza, ngakhale aoneke otsika. Kufunsa kumawawa kanthawi kochepa, koma Petroniyo phula analitafuna masiku anayi, ndipo kwawo anabwerera wapansi.