Telala Amene Ananama Kotsikira

Panali munthu wina, telala wa ku Ndirande, amene anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Mwanayo ankagwira ntchito ku Mzuzu, ndipo kumeneko n'kumene anapeza banja. Potumiza uthenga wa ukwati anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti diresi limene adzavale tsikulo asoke bambo ake ndi manja awo. Telala anasoka. Anasoka mofatsa, kumasula ulusi n'kusokanso, mpaka masiku anamuthera. Ananyamuka Lachisanu m'mamawa, ukwati uli Loweruka. Nthawi imeneyo mafoni a m'manja kunalibe, ndipo basi ya kumpoto ikakusiya, ina inali ya mawa lake.

Tsono munthuyu anali ndi nthenda yake. Sankakhulupirira aliyense. Womwetulira ankati ali ndi cholinga, wosamwetulira ankati ali ndi chiwembu. Diresi lija sanaliike m'sutikesi, poti sutikesi imaitana akuba. Analikulunga m'chitenje, n'kulilowetsa m'thumba lakale la feteleza, n'kumanga kukamwa ndi luzi. Kondakitala ataliponya m'buti pamodzi ndi matumba a anthu ena, telala anayang'ana kumbali ngati si lake. M'basi monsemo munalibe wodziwa mwini wa thumbalo, ndipo zimenezo zinamusangalatsa kwambiri.

Iye anakhala kuwindo. Pambali pake panakhala bambo wina wonenepa, wa chipsera pachibwano, wolankhula ngati wailesi. Basi isanatuluke n'komwe mu Blantyre, bamboyo anali atamasula kale kampango ka mtedza wophika.

"Tiyeni tizitafuna, achikulire. Ulendowu ndi wautali."

"Zikomo, ndadya kale," anayankha telala, m'mimba mukulira. Anali atamvapo za anthu amene amalandira chakudya cha mlendo m'basi n'kudzuka alibe ngakhale nsapato.

Bamboyo sanakhumudwe. Pa Lizulu anaweramira pa telala kuti agule mapichesi pawindo, telala n'kugwira thumba la jekete mwamphamvu. Pa Dedza kutazizira, anapempha kuti atseke windo, telala n'kuganiza kuti akufuna kumugonetsa tulo. Bamboyo akatembenuka kupereka moni kwa a mpando wakumbuyo, telala ankati eya, anzake ndi amenewo. Akakhala chete, ankati tsopano akukonza mapulani. Ndipo chipsera chija ankachiyang'ana m'mbali mwa diso, n'kumadzifunsa kuti munthu wabwino mpeni ungamupeze bwanji pachibwano.

Mabasi a nthawi imeneyo anali ndi mwambo wake. Basi ikaima kuti anthu adzithandize, kondakitala sankavutika kuyenda mpando ndi mpando. Ankangoima pakhomo n'kufuula kuti, "Aliyense ayang'ane mnzake! Alipo?" Munthu aliyense ankayankhira amene wakhala naye. Ku Lilongwe mayi wina anakuwa kuti, "Dikirani kaye, anzanga a mwana kumbuyo aja sanabwere!" Basi inadikira mpaka anzakewo anafika akuthamanga. Telala anangotsonya. Iye sanatsike paliponse, ngakhale anali atapanikizika ndi mkodzo kuyambira pa Ntcheu.

Atadutsa Lumbadzi, bambo wa chipsera anafunsa funso limene telala ankaliopa.

"Nanga achikulire, ulendowu mukutsikira kuti? Ine mpaka Mzuzu."

Telala anaganiza mofulumira. Ku Mzuzu basi ikafika kutada. Munthuyu akadziwa kuti nayenso ndi wa komweko, ndiye kuti akamutsata pofika, aone thumba limene anyamule, aitane anzake. Ayi, asadziwe kanthu.

"Ine pa Kasungu pompa," anatero telala.

"Ooh, ndiye mwafika kale inu. Mwayi wanu."

Telala anamwetulira koyamba tsiku limenelo. Anadziona wochenjera.

Pa Kasungu basi inaima. Apa telala sakanathanso kupirira. Anthu ena potsika ankasiya chipewa, mpango kapena botolo la madzi pampando, kusonyeza kuti abweranso. Iye anatenga zonse, kachikwama, jekete, ngakhale nyuzipepala yakale imene anakhalira, kuti wa chipsera asapeze chogwira. Anatsika osanena mawu, n'kulunjika kuchimbudzi cha kuseri kwa depoti. Kumeneko anapeza mzere wautali.

Ali komweko, dalaivala analiza hutala. Kondakitala anaima pakhomo.

"Aliyense ayang'ane mnzake! Alipo?"

Ataona mpando wa kuwindo uli wopanda munthu, anafunsa bambo wa chipsera. "Madala anali apawa ali kuti?"

"Afika amenewo," anayankha bamboyo ndi mtima woyera. "Anandiuza okha kuti akutsika pa Kasungu. Katundu wawo atenga yense."

Telala potuluka anaona basi ikukhotera mumsewu waukulu. Anathamanga, mkulu wa imvi, kachikwama kakumumenya m'nthiti, dzanja lili m'mwamba. Bambo wa chipsera anali atasunthira kuwindo. Anamuona, nkhope yake n'kuwala. Anaganiza kuti mnzake wouma mtima uja wakumbuka kutsanzika. Anatulutsa manja onse awiri n'kumabayibitsa.

"Mufike bwino, achikulire! Mupereke moni kunyumba!"

Basi inapita ndi diresi.

Telala anafika ku Mzuzu Loweruka madzulo, pa lole ya matumba a chimanga, anthu akuchotsa kale mipando. Mwana wake anali atakwatiwa m'diresi lobwereka, lomukulira, logwiridwa ndi mapini kumsana. Kudepoti telala anafunsa za thumba la feteleza lomangidwa ndi luzi. Anamuseka. Matumba otero amatsika ambirimbiri pa siteji iliyonse, ndipo palibe anakumbuka kuti lija linatsikira pati. Mwanayo sanakalipe. Anangogwira dzanja la bambo ake n'kufunsa kuti, "Bambo, linali lokongola?" Telala analira ngati mwana.

Abale anga, akuba alipo, sindikukana. Mtedza wa mlendo mukhoza kuukana, chikwama chanu mukhoza kuchifungatira. Koma taonani kuti tsiku lonse lija palibe anamubera munthuyu kanthu. Amene anamusiya pa Kasungu ndi mnzake wokhulupirika, amene anangobwereza zimene anauzidwa.

Ena mwa inu mwakhala pabenchi limodzi ndi munthu zaka zambiri, koma sadziwa kumene mukupita kapena chimene mwasenza. Akakufunsani mumati zonse zili bwino, pamene kunyumba kuli matenda, pamene banja likugwedezeka. Mumati mukudziteteza. Tsiku lidzafika limene mpando wanu udzakhale wopanda munthu, ndipo wina adzafunsa kuti, "Kodi uja ali kuti?" Mnzanuyo adzayankha zimene munamuuza inu, ndipo basi sidzadikira.