Gulo Amene Ankafunditsa Thanthwe

Kale nyama zisanasiye kuyankhula ngati anthu, paphiri lina loyang'anizana ndi minda ya tiyi pankakhala Gulo ndi Mbira, ndipo awiriwa ankakangana chifukwa cha thanthwe. Thanthwelo linali losalala, lotambalala ngati mphasa, ndipo ndi lomwe linkayamba kulandira dzuwa phiri lonse likadali mumthunzi. M'miyezi yotentha panalibe wolilabadira. Koma Juni akangolowa, chimanga chili m'nkhokwe, mphepo itayamba kuluma makutu, aliyense ankalifuna.

Gulo, buluzi wamkulu uja wa mutu wabuluu, anali wodzitama. Wankhanza ayi, moni ankapereka, pamaliro ankafika, koma ankakhulupirira ndi mtima wake wonse kuti thanthwelo amalifunditsa ndi iyeyo. Mbira anali mayi wa banja lalikulu, anzake ankamutcha Nankhoma, ndipo anali wosachedwa kuseka. Za mwamuna wake sindinena zambiri, chifukwa ntchito yake yaikulu inali tulo.

M'mawa uliwonse Mbira akafika ndi banja lake kudzawotha dzuwa, ankapeza Gulo atayala kale mimba pakati pa thanthwe.

"Taimani kaye pomwepo, Nankhoma," ankatero Gulo. "Sindinamalize. Mbali ya kumtundaku ikadali yaiwisi."

"Yaiwisi? Kodi mukuwotcha mbatata, a Gulo?"

"Ndikufunditsa, mayi. Likapsa bwino ndikuitanani, muthokoze, mukhale."

"Nanga dzuwa lija likuchita chiyani kumwambako?"

"Limabwera kudzaonerera ntchito."

Musafulumire kumuseka Gulo, chifukwa umboni anali nawo. Akafika m'mawa thanthwe linkakhala lozizira, akagonapo kanthawi linkafunda, akachoka madzulo linkaziziranso. Zimenezi anaziona kuyambira ali mwana, ndipo sizinaphonyepo. Choncho banja la Mbira linkaima mumthunzi mano akugundana, kudikira kuti mwini ntchito amalize.

Ambirawo anali ndi mwambo wawo wa nthawi yachisanu. Kukazizira ankalowa m'phanga n'kuunjikana pamodzi, wina pamwamba pa mnzake. Wa m'mphepete akamva kuti msana wake wauma ndi mphepo ankalowa pakati, wa pakati n'kutuluka kukatchinga mphepo. Panalibe wamkulu kapena wamng'ono pa lamulo limeneli: wafunda, upite ukazizidweko kuti mnzako afunde.

Gulo akasuzumira m'phangamo ankagwa nako kuseka. "Mwaunjikana ngati maungu pangolo! Ine kugona ndekha, mpweya wabwino, palibe wondiponda m'maso."

Tsiku lina kunacha bwino modabwitsa. Dzuwa linawala ngati la mu Seputembala, kamphepo kaja kanangoti zii, ndipo ana a Mbira anayamba kusewera pamiyala. Koma Mbira ankangonunkhiza chakum'mawa, kumene kamtambo koyera kanakhala pamwamba pa mapiri ngati duku.

"Kufunda kotereku n'kwabodza," anatero. "Chiperoni chili m'njira. Chikafika timve ngati mudzatiuzenso zoti mbali ina ndi yaiwisi."

Chiperoni mumachidziwa inu, mphepo yozizira ija yochokera kumwera chakum'mawa, yobwera ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, kosanyowetsa munda koma konyowetsa mafupa. Chikabwera dzuwa limasowa, zovala siziuma pachingwe, ndipo nkhuku zimaima ndi mwendo umodzi. Gulo ankachidziwanso, koma ankachidziwira m'nyumba. Chaka chilichonse chikamayamba iye ankalowa mumng'alu wake n'kugona mpaka chitapita.

"Chaka chatha pa chiperoni thanthwe ili linazizira ngati khasu logona panja," anapitiriza Mbira. "Inu munali kuti?"

"Eya! Mwanena nokha!" Gulo anadumpha ndi chimwemwe. "Ndinali m'nyumba. Sindinatuluke. N'chifukwa chake linazizira!"

Mbira anaseka mpaka anagwira nthiti. Atapuma anati, "Chabwino, a Gulo, chaka chino musalowe. Mukalifunditsa dzuwa kulibe, thanthwe ndi lanu mpaka kalekale, ife tizipempha ndi kuwomba m'manja. Mukalephera, ife tizikhala oyamba, inu muzidikira."

"Zatheka. Mboni ndani?"

"Abambo, mwamva?" Mbira anagwedeza mwamuna wake.

"Ndamva," anayankha mwamunayo, maso ali chitsinzire.

Dzuwa litangopendeka, mphepo inatembenuka. Inayamba ndi kugwedeza udzu, kenako inabwera ndi mphamvu, ndipo nkhungu inatsika phiri ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Minda ya tiyi inasowa, mitengo inasowa, dzuwa linasanduka kambale koyera kenako nalonso linasowa. Ambira anasonkhanitsa ana n'kuyamba kulowa m'phanga.

"Nankhoma! Tabwerani mudzagwire!" anakuwa Gulo. "Dzuwa lathawa, koma imvani nokha!"

Mbira anabwerera n'kuika phazi pathanthwe. Linali lofundadi, pakuti mwala ukamwa dzuwa tsiku lonse suziziratu nthawi yomweyo. "Lafunda," anavomera. "Pitirizani ntchito, bambo. Ndibweranso ndidzalawe."

Gulo anatsala yekha, akudzitama mumtima. Kamvula kanayamba kuwaza, iye anayala mimba kwambiri. Patapita kanthawi anamva kuti pansi payamba kuzizira, ndiye anasunthira mbali ina kuti akakonze kumeneko. Kumenekonso kunali kozizira, ndipo atabwerera pamalo oyamba anapeza pazizira kuposa poyamba.

"Likuchita mwano lero," anang'ung'udza. Anakanikiza mimba, anatambasula miyendo, anagwira mpweya mpaka masaya kutupa. Koma m'malo moti iye afunditse thanthwe, thanthwe ndi limene linkamuyamwa. Kuzizira kunalowera kumimba, kunapita kumiyendo, kunafika kunsonga ya mchira.

Anaganiza zolowa mumng'alu wake, womwe unali pafupi ndithu. Koma atakumbukira kuseka kwa Mbira anati adikire pang'ono. Atadikira pang'onopo anati basi, aseke aseke, ine ndikupita. Apo n'kuti miyendo itakana kale. Anauza mwendo wakutsogolo kuti tiye, mwendo unangomuyang'ana. Ngakhale ubuluu wa kumutu unazimirira, thupi lonse linangoti mbuu ngati phulusa.

Tsono nyengo yotere imamuvuta Kabawi, mbalame yogwira anapiye ija. Nkhuku zonse kumudzi zinali zitafungatira anapiye, mbewa zili kuuna, ndipo iye anali asanalawe kanthu chikhalire m'mawa. Anauluka chapansipansi, kunsi kwa nkhungu, mpaka anatera pamphepete pa thanthwe. Anapendeketsa mutu n'kuyang'anitsitsa chinthu chotuwa chili pakatipo.

"Pepani," anatero Kabawi, pakuti anali waulemu akakhala ndi njala. "Kodi ndinu kamtengo kapena ndinu ndiwo?"

Gulo anafuna kunena kuti kamtengo, koma lilime linali lolemera ngati mwala. Chomwe anakwanitsa ndi kuphethira diso limodzi.

"Kamtengo sikaphethira," anatero Kabawi, n'kuyamba kuyandikira.

Mwayi wake, nthawi yomweyo Mbira anali atatuluka kudzalawa thanthwe monga analonjezera. Ataona zimene zinkachitika anaimba mluzu uja ambira amaimba akaona mdani, ndipo banja lonse linatuluka m'phanga likukuwa. Mbira anathamanga n'kuluma mwendo wa Gulo, Kabawi anagwira mchira, wina kukokera uku wina uko. Mchira unati thyo! Kabawi anauluka ndi kansonga, Mbira anagubuduka chagada ndi Gulo yense wotsalayo.

"Ndiwo zake kuzizira!" anadandaula Kabawi ali m'mwamba. "Mano akanakhalapo akanathothoka."

Ambira anamukokera Gulo m'phanga ali chiwumire. Mwamuna wa Mbira, amene phokoso lonselo linangomutembenuza, anatsegula diso. "Nankhoma, nkhuni yonyowayi mwaitengeranji? Ife moto sitisonkha."

"Si nkhuni iyi, abambo. Ndi a Gulo."

"A Gulo ndi abuluu."

"Ubuluu wapita ndi dzuwa. Tasunthani, tiwaike pakati."

Anamulowetsa pakati penipeni pa mulu, ndipo mulu wonse unalira. Ana anati mayo, azakhali anati ndani wandithira madzi, ndipo mwamuna wa Mbira, amene msana wake ndi umene unagundana ndi mimba ya mlendo, anadzuka n'kukhala tsonga, chinthu chimene anthu anali asanachionepo masana. "Uyu ndiye wofunditsa miyala uja?" anafunsa. "Bola mwalawo."

Pang'onopang'ono kufunda kwa ubweya kunayamba kulowa m'thupi la Gulo. Chala chinagwedezeka, kenako mwendo, kenako khosi. Koma mwa ziwalo zonse, chimene chinachira msanga ndi lilime.

"Mukumva?" anatero ndi mawu onjenjemera. "Mwayamba kufunda, eti? Ndangofika kumene, koma taonani kusintha kwake. Thanthwe lija linanyowa, n'chifukwa chake linavuta. Muno ndiye ntchito ikuyenda."

Ana anayang'ana mayi awo. Mbira anabisa kuseka m'ubweya wa pachifuwa. "Zikomo kwambiri, a Gulo, mwatithandiza," anatero. "Ndiye poti mwafunda, nthawi yanu yakwana. Muno lamulo ndi limodzi: wafunda apite m'mphepete akatchinge mphepo. Inu ndiye tapeza mwayi, chifukwa mukakhala pakhomo, mphepo izilowa itafunda kale."

Gulo sakanakana ana akumva. Anakwawa monyada mpaka pakhomo la phanga, n'kuyala mimba, kachitsa ka mchira kali m'mwamba. Kunja chiperoni chinali chitakwiya, nkhungu ikulowa ngati ikufuna malo ogona. Sipanapite nthawi, zala zinayamba kuuma, ndipo patali, pamtengo wouma, anaona chinthu chakuda chitakhala phee chikuyang'ana kuphanga.

"Nankhoma," anaitana chapansipansi.

Kenako anaitananso mokweza pang'ono.

"Mayi Nankhoma. Anansi anga."

"Mwati bwanji, a Gulo? Mphepo yapsa?"

"Ndibwezereni pakati."

"Mudzatifunditse?"

Kabawi uja pamtengo anatambasula phiko limodzi. "Mayi, m'thupi muno mulibe moto," anatero Gulo. "Ngakhale kakhala kamodzi ka moto. Ndikafunda ndiye kuti wina wandipatsa. Ndikokeni msanga, miyendo yayambanso mwano."

Mbira sanaseke ulendo umenewu, kapena tinene kuti anaseka pang'ono pokha. Anamukoka n'kumubwezera pakati, ndipo banja linagwirizana kuti mlendoyu asamapite m'mphepete, chifukwa kumukoka kunali ntchito yoposa kumufungatira. Masiku onse amene chiperoni chinakhala, ambira ankasinthana monga mwa mwambo wawo, koma Gulo anangokhala pakati ngati mwala wa m'mbale ya nyemba. Amene anavutika kwambiri ndi mwamuna wa Mbira, poti aliyense ankati msana wake ndiwo waukulu.

Kenako m'mawa wina nkhungu inang'ambika. Minda ya tiyi inaonekanso ikunyezimira ndi mame, ndipo dzuwa linagwa pathanthwe. Ambira anatuluka, anakwera, anadziyala aliyense pomwe wafuna, popanda kupempha kapena kuwomba m'manja. Gulo anatsala pansi mumthunzi, ali wotuwa, ndi mchira wake wosakwanira.

Mbira anamusiya adikire mpaka ana onse atafunda. Kenako anasuntha pang'ono n'kumusiyira kangodya ka kumapeto. "Kwerani, a Gulo. Malo alipo."

Gulo anakwera, koma sanagone nthawi yomweyo. Anadzutsa mutu kuyang'ana kumwamba ngati dzuwa lilipodi, anaweramitsa kuyang'ana mwala, anadzutsanso kuti atsimikize kuti palibe kamtambo kakubwera. Mpaka lero sanasiye. Mukadzamuona gulo pamwala akukweza mutu ndi kutsitsa, kukweza ndi kutsitsa, musaganize kuti akukupatsani moni. Akuonetsetsa ngati mwini moto akadalipo.

Phunziro: Zinthu zikamakuyenderani bwino, yang'anani kaye amene akukufunditsani musanayambe kuuza anthu kuti akuthokozeni. Ndipo anansi amene mumawaseka kukatentha musawaseke kwambiri, chifukwa kukazizira mudzafuna malo pakati pawo.