Wangolo Amene Ankafuna Jakisoni

Kuseri kwa mapiri a ku Ntcheu kunali munthu wina woyendetsa ngolo, dzina lake Zuze. Anali wamkulu thupi, wamkulunso mawu, moti akaseka, agalu a mudzi woyandikana nawo ankauwa. Ankanyamulira anthu njerwa, mchenga ndi chimanga, ndipo zinthu zing'onozing'ono sankaziwerengera. Ngakhale pa nkhani ya mankhwala anali chimodzimodzi. Kwa iye mankhwala enieni anali jakisoni, uja wopweteka woti munthu ayende motsimphina masiku awiri.

Chaka china, anthu atangotha kukolola, mwana wake wamkazi wa zaka zitatu, Tisunge, anadwala chikuku. Thupi linatentha, tiziphuphu tinayambira kumaso n'kutsikira pamimba, maso n'kufiira. Mkazi wa Zuze, Nangozo, anali atangochira kumene, khanda lili m'manja, choncho sakanatha kuyenda mtunda wautali. Zuze anayala mphasa ndi bulangete m'ngolo, anagonekapo mwanayo, n'kuyamba ulendo wopita kuchipatala chaching'ono cha kutsidya kwa dambo.

Kumeneko anapezeka mwamuna yekhayekha pakati pa amayi. Amayiwo ankagwirana m'mapewa n'kumaseka mmene anaberekera mwana, mfundo ya chitenje ili pakhosi penipeni. Zuze naye ankangoseka nawo. Namwino, mayi wamfupi wa imvi zapatalipatali, ataona tiziphuphu tija anamuitanira msanga m'kachipinda kapadera kuti mwanayo asapatsire anzake.

Namwinoyo anayang'ana m'kamwa mwa Tisunge, anamutsegula zikope, anamvetsera chifuwa. Kenako anatenga kapisozi wofiira, wochepa ngati njere ya nyemba, anadula kansonga kake ndi sizasi, n'kufinyira timadontho m'kamwa mwa mwanayo. Tisunge anameza.

Zuze anadikira. Ataona kuti namwino akusamba m'manja, anafunsa kuti, "Basi?"

"Kwa lero basi, bambo. Ameneyu ndi vitamini A. Chikuku chimamaliza vitamini ameneyu m'thupi la mwana, ndiye maso amauma, ana ena mpaka kuchita khungu. Mawa mubwere naye adzalandire wina."

"Nanga jakisoni?"

"Chikuku chikalowa kale palibe jakisoni wochipha. Katemera ndiye akanamuteteza, koma m'kabuku kakemu sindikumuona."

Zuze anakanda m'mutu. "Ndiye mungondipatsa khumi, amwe lero lomwe, kuti ng'ombe zanga zisavutike."

Namwino anaseka. "Khumi angamupweteke. Muyeso wake ndi mmodzi lero, mmodzi mawa."

Anamupatsanso mankhwala oziziritsa thupi ndi ena opaka m'maso, n'kumuuza kuti mwanayo azimwa zamadzimadzi pafupipafupi ndiponso azidya ngakhale pang'onopang'ono. Zuze anabwerera kwawo akudandaulira ng'ombe zake njira yonse. Atafika anauza mkazi wake kuti, "Nangozo, ulendo wonse uja ndayendera timadontho titatu."

Tsono tsiku lotsatiralo linali loti Zuze ayambe kututa njerwa za munthu wina amene ankamanga golosale pamsika. Inali ntchito ya mlungu wathunthu, ndipo wangolo mnzake, Folopensi, ankaifunanso. M'mawa mwake thupi la Tisunge linali litazizirako pang'ono. Zuze anamanga ng'ombe pagoli akuimba mluzu.

Nangozo anatuluka pakhomo. "Abambo a Tisunge, si paja anati mubwerere lero?"

"Mwana wayamba kupeza bwino. Timadontho tija sitithawa, tidzapita ntchito ikatha."

Zuze anathyola nthochi yakupsa kuti asiyire mwanayo, n'kulowa m'nyumba. Tisunge anali atakhala pamphasa pakona, nkhope atalozetsa kukhoma pothawa kuwala.

"Tisunge, landira nthochi."

Mwanayo anatembenuka. Zikope zinali zotupa, zomatana ndi manthongo. Anatambasula dzanja, koma analitambasulira kumene kunalibe munthu, n'kumafufuza m'malere.

"Ababa, muli kuti?"

Zuze anali ataima pamaso pake penipeni, chimunthu chotseka khomo lonse. Kenako anagwada, anaika nthochi ija m'dzanja la mwanayo, anamufunditsa bulangete, n'kumunyamula.

Pamphambano anapeza mwini njerwa akumudikira pa njinga. Munthuyo ataona ngolo ikukhotera kudambo anati, "A Zuze, njira yatu si imeneyo."

"Lero njira ndi imeneyi, achimwene. Kauzeni a Folopensi akututireni."

Ntchito ija inapitadi kwa Folopensi, ndipo Zuze sanaitchulenso.

Namwino atamuona akulowa anamwetulira. "Mwabwera, bambo a khumi aja." Anapukuta maso a Tisunge ndi thonje lonyowa mpaka zikope zinatseguka, n'kumumwetsa kapisozi wachiwiri. Atayang'anitsitsa m'masomo anati, "Ayamba kuuma, koma mwafika nthawi yabwino. Pakatha milungu iwiri mubwere naye adzalandire wachitatu." Ulendo uno Zuze sanatsutse. Anafunsa tsiku lenileni, analibwereza kawiri, ndipo atafika kunyumba analilemba ndi khala pachitseko.

Masiku anapita. Tiziphuphu tinauma n'kufundula. Tisunge anayamba kumwa phala lothira nsinjiro, kenako kudya dzungu ndi mapapaya, kenako kulirira chilichonse chimene atate ake ankatafuna. Tsiku la kapisozi wachitatu litakwana, sanagonenso pamphasa. Anakhala kutsogolo kwa ngolo pambali pa atate ake, miyendo ili lendelende.

Ali pakati pa dambo mwanayo anakoka malaya a Zuze. "Ababa, nkhanga."

Zuze anayang'ana uku ndi uku. "Kuti?"

"Uko, pachulu. Zinayi."

Zuze anaimitsa ng'ombe, anaphimba dzuwa ndi dzanja, n'kusuzumira mpaka misozi. Patapita kanthawi nkhanga zinauluka pachulu paja, ndipo zinalidi zinayi. Anaseka mpaka ng'ombe zinadzidzimuka n'kuyamba kuyenda zokha. Kuchipatala anafotokozera namwino nkhaniyi, n'kupempha kuti nayenso amufinyireko timadontho, poti maso ake aoneka kuti atsalira. Namwino anamukaniza, anati zimenezo n'za ana, iye akadye mapapaya.

Inu amene mukundimvetsera, ambiri mwa inu muli ndi ana osakwana zaka zisanu. Mwana akadwala chikuku, akamatsegula m'mimba kosalekeza, akamanyentchera, kapena mukaona kuti dzuwa likangolowa akupunthwa pa zinthu, pitani naye kuchipatala mwamsanga. Akamupatsa vitamini A, musanyoze poona kuchepa kwake, ndiponso musakagule wanuwanu kuti muwonjezere. Koma chimene chimatigonjetsa ambirife si ulendo woyamba, pakuti tsiku loyamba mantha amatinyamula okha. Chovuta ndi tsiku lachiwiri, mwana atayamba kupezako bwino, ntchito ikukuitanani pamphambano. Akakuuzani kuti mubwerenso mawa, bwererani mawa lomwelo.