Mlamu Wochotsedwa pa Tebulo la Mafunso

Kalata yoitana mtsikana wina ku mayeso apakamwa a kusukulu ya udokotala itafika, pabalaza pa nyumba yawo panasanduka ofesi. Bambo ake, telala wosokera pakhonde la sitolo, anakokera tebulo lodyera pakati, mipando itatu mbali iyi, mpando umodzi mbali inayo. Analamula kuti madzulo aliwonse, anthu akaweruka, pazikhala mafunso monga zikakhalire kumeneko. Malo kusukuluko anali ochepa, ofuna anali piringupiringu, ndipo wolephera ankadikira chaka chathunthu.

Mtsikanayo pakhomopo ankamutchula kuti Adokotala kuyambira ali mwana, pomwe ankamanga mabandeji miyendo ya mipando ndi nsanza za bambo ake. Mutu anali nawo, zimenezo panalibe wotsutsa. Vuto linali pakamwa. Mawu ankatuluka ngati makina a telala ukwati ukayandikira, ndipo yankho linkafika funso lisanathe.

Pa mipando itatu ija pankakhala bambowo, mchimwene wake wamkulu amene ankayendetsa basi, ndi mkazi wa mchimweneyo, woluka tsitsi mu saluni. Bambo akangoti, "N'chifukwa chiyani mukufuna..." mtsikana ankatola pomwepo n'kuthamanga nalo mpaka mapeto. Bambo ankawomba m'manja maso ali ndi misozi. Mchimwene, amene mafunso ake onse anali a kuchuluka kwa mafupa a munthu, ankangogwedeza mutu n'kumati, "Uyu ndiye wadutsa kale."

Tsiku lachinayi inafika nthawi ya mlamu. Iye anapinda manja, nakhwinyata nkhope ngati munthu wovutikadi.

"Tiyerekeze kuti ine ndabwera kuchipatala," anatero. "Adokotala, masiku ano sindikugona bwino, ndiye..."

Mtsikana sanadikire. Anatchula nkhawa, kuthamanga kwa magazi, tiyi wambiri, naonjezera malangizo asanu oyalidwa bwino ngati zovala zosita.

Mlamu anamusiya mpaka mpweya unamuthera, kenako anati, "Ndimafuna kunena kuti mwana wanga ndi amene akutsokomola osalekeza. Mwandichiza ine, wodwala mwamusiya kunyumba."

Mchimwene anaphulika kuseka, koma atayang'ana nkhope ya mlongo wake anakumeza kusekako.

"Iwe mlamu wanga, nzeru uli nazo zosefukira," anapitiriza woluka tsitsiyo, "koma makutu unawaiwala kusukulu. Ine ndimagwira mitu ya anthu tsiku lonse. Munthu chimene wabwerera amachinena kumapeto, akaona kuti ukumumvetsera."

Mawuwo anamulasa mtsikanayo, pakuti anali asanadzudzulidwepo pamaso pa bambo ake. "Alamu, kumeneko akafunsa za sayansi, osati miseche ya mu saluni," anayankha. "Ngati iwowa azikhala pamenepa, ine sindikhalanso."

Bambo anali munthu wosatha kupirira misozi ya mwana wawo. Anakanda m'mutu, nati motsitsa mawu, "Apongozi, mwanayu asafooke nthawi yatha kale. Inu muzingotithandiza ndi tiyi."

Mlamu sanakangane nawo. Ananyamula mpando wake n'kuubwezera kukhitchini. Kwa milungu iwiri mafunso anayenda mwamtendere, m'manja mukuwombedwa madzulo aliwonse, ndipo mtsikana ankagona ali wokondwa. Chikondi cha bambo ndi mchimwene chinali chenicheni ndithu, kungoti chinalibe mano.

Kutatsala tsiku limodzi, mlamu yemweyo ndiye anasita bulauzi, namukhazika mtsikanayo pakati pa miyendo yake n'kumuluka tsitsi mosamala kuposa la mkwatibwi. Pomaliza anati, "Mawa munthu akasiya kulankhula, uziyamba wawerenga mumtima mpaka katatu, chifukwa..."

"Ndamva, alamu," anatero mtsikana akudziyang'ana pagalasi.

Chipinda cha mafunso chinali chozizira, tebulo lalitali, madokotala atatu ali ndi mapepala patsogolo pawo. Wapakati anali mayi wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akusankha mawu pamsika.

"Tiyerekeze kuti bambo wina wabwera ndi mwana wotentha thupi," anayamba mayiyo, kenako anaima kuti atembenuze pepala.

Mtsikana anaona ngati mwayi wagwa. Anatchula matenda, zoyeza, mankhwala, zonse m'malo mwake.

"Mwayankha bwino funso limene sindinafunse," anatero mayi wa imviyo, mopanda ukali. "Ndimati bamboyo akukana kuti mwana wake atengedwe magazi chifukwa akuopa. Mungalankhule naye bwanji?"

Nkhope ya mtsikana inatentha. Pofuna kukonza zinthu anayamba kulankhula mothamanga kwambiri, ndipo asanazindikire anali atadula mawu dokotala wa kumanzere, kenako wa kumanja. Anaona cholembera cha mayi uja chikuyenda papepala, nadziwa kuti zavuta.

Yankho linabwera patatha mwezi. Anamuyamikira chifukwa cha magiredi ake, koma malo sanamupatse. Anati akhoza kudzayesanso chaka chamawa.

Bambo anakwiya mpaka kuponya tepi yoyezera pansi. "Nsanje basi! Aona kuti mwanayu akawaposa." Mchimwene anati anthu a kumeneko amatenga abale awo okhaokha. Mawuwo anali okoma, koma mtsikana ankadziwa kuti ndi bodza, ndipo bodzalo linkamuwawa kuposa kalatayo. Anatuluka osatsanzika, nayenda wapansi mpaka ku saluni.

Anapeza mlamu akutsuka zipeso m'beseni, makasitomala kulibe. Anaima pakhomo kalata ili m'manja.

Mlamu anamuyang'ana kamodzi kokha. "Unawadula mawu?"

"Eya, alamu."

"Kangati?"

"Katatu."

Mtsikana anaweramitsa mutu kudikira chipongwe chimene ankadziwa kuti n'chomuyenera. Koma anangomva zipeso zikugwera m'madzi. Mlamu anamukumbatira ndi manja a thovu, akulira mokweza kuposa mwini tsokayo.

"Ndikanaumirira," ankatero akusisima. "Ndikanakakamira pampando paja ngakhale undide. Ndinaopa kukukhumudwitsa, taona tsopano."

"Wolakwa ndine, alamu. Munandiuza, ine n'kukutukwanani. Ndikhululukireni."

Mlamu anapukuta maso ndi epuloni, namukankhira pampando. "Chaka si muyaya. Kuyambira mawa uzibwera kuno. Uzitsuka mitu ya azimayi, pakamwa pali chitsekere, ndipo madzulo uzindiuza chimene aliyense amadandaula. Ukalakwitsa, ndikuuza pamaso, usayembekeze kuti ndikuwombera m'manja."

Mtsikana anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anadzigwira. Anadikira kaye, naona kuti mlamu wamalizadi, ndipo pamenepo anati, "Ndibwera."

Madzulo amenewo bambo anaona mwana wawo akutulutsa yekha mpando wa mlamu uja kukhitchini n'kuuika pakati penipeni pa tebulo. Anachita manyazi pang'ono, kenako anadzuka kukatereka tiyi okha. Anali atamvetsa nawonso zimene akuluakulu ananena, kuti wakutsina khutu ndi mnansi.